Magazi Odziwa Khomo

"Mwanayo sumutenga," anatero apongozi ake a Namafunso.

"Ndi mwana wanga, amayi."

"Wako wekha? Unachita kumutola pamsewu? Tamuyang'ana mphumi, tamuyang'ana makutu. Ameneyu ndi wa pakhomo pano kuyambira kuphazi mpaka paliwombo."

"Ndiye mundigawireko mbali yanga. Ngakhale miyendo yokha, ndipite nayo."

"Mukumva, achimwene? Mukumva pakamwa pakepo? Ndiye anthu azidabwa kuti mwana wanga amapsa mtima!"

Namafunso anaima pakhomo la chipinda chochezera cha apongozi ake, diso lakumanzere litatupa ngati wakumana ndi mavu. Dzina limeneli anam'patsa ndi aphunzitsi a ku pulayimale, omwe anatopa ndi mkono wake wosatsika, ndipo linam'kanirira mpaka kuntchito kwake kochapa ndi kusita zovala za anthu. Dzulo lake, mwamuna wake, wometa amene aliyense mumsewu wa shopu yake ankamutchula kuti Lumo, anam'menyetsa kukhoma chifukwa cha malaya amene sanaume. Iye anathawira kwa mkulu wake. Lumo anatenga mwana n'kukam'siya kwa amayi ake, podziwa kuti ukamangirira thole, make sapita patali.

Mwanayo, yemwe agogo ake anam'patsa dzina loti Kalumo, anali kuseri kwa sofa, akukankha galimoto yapulasitiki yothothoka matayala. Pasofapo panali amalume a Lumo, chipewa chili pabondo. Bambowa anayendetsa basi mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo nkhani za pabanja ankaziweruza momwe ankayendetsera: pang'onopang'ono, kuzemba maenje, bola aliyense afike.

"Khala pansi, make Kalumo," anatero amalume. "Mlandu saweruza choimirira."

Namafunso anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Ine ndikuuze zomwe sukuzidziwa," anayamba apongozi, akumanganso mpango wawo. "Ukuyesa Lumo amachita dala? Ndi magazi amenewa. Malemu bambo ake anali choncho. Agogo ake ndiye musanene, mudzi wonse unkadziwa. Magaziwo akawira, munthu si iyenso. Akatsitsimuka amalira ngati khanda. Ndikunama? Salira?"

"Amalira."

"Eya! Ndiye munthu wodwala amam'thawa? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Ine ndinakwatiwa kwa wometa, amayi. Za mphenzizo palibe anazitchula paukwati."

Amalume anatsokomola pofuna kubisa phwete. "Komabe mayi akowa sakungolankhula," anatero. "Ine ndinamvapo anthu ophunzira akunena pawailesi kuti mtima wapachala nthawi zina umayenda kumtundu, ngati dazi. Onani langali. Abambo anga anali nalo, ine sindinalipemphe."

"Dazi lanulo linatupitsapo munthu diso, amalume?"

"Mafunso ako ndi amene amakupweteketsa," anatero apongozi. "Mkazi wanzeru amadziwa nyengo. Ukaona kumwamba kwada, umaanula zovala n'kukhala chete. Ine ndinakhala ndi bambo ake mpaka kuwaika m'manda. Ndinafa?"

Namafunso anayang'ana apongozi akewo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, yemwe popenya munthu ankapendeketsa mutu chifukwa khutu limodzi silinkamva bwino.

Amalume anaweruza monga mwa nthawi zonse. Mwana akhale kaye kwa agogo ake, chifukwa kwa mkulu wake wa Namafunso kunali chipinda chimodzi ndipo sukulu inali kutali. Namafunso azibwera kudzamuona. Mitima ikazizira, adzakhalanso pansi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anamaliza motero, akuvala chipewa.

Masabata anayamba kudutsa. Diso linaphwa, linasiya kamdima kokha pansi pake. Lumo anafika kuntchito kwa Namafunso atanyamula botolo la zoziziritsa kukhosi, naima pakati pa milu ya mabulangete a anthu, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi a Kalumo, si ine. Inunso mukudziwa. Chimangobwera chokha."

Anzake a kuntchito anamva chisoni. "Bwerera mwali," anatero mmodzi, Lumo atachoka. "Mwamuna waulemu ngati ameneyu ukam'peza kuti? Moni wake wokha!"

"Chikomekome cha mkuyu," anayankha Namafunso, akuthira madzi pakolala ya malaya. Mawu otsalawo anawasiyira simbi, yomwe inachita kuti tsii.

Lamulungu lina masana anapita kukaona mwana. Anam'peza pabwalo akusewera ndi kamtsikana ka pakhomo loyandikana, kakang'ono kwa iye. Kamtsikanako kanagwira galimoto ija. Kalumo sanakuwe, sanalande. Anavula nsapato yake mosafulumira n'kukamenya nayo pakamwa.

"Iwe!" Namafunso anam'gwira mkono. "Wachita chiyani? Pepesa msanga!"

"Si ine, amayi," anatero mwanayo. "Ndi magazi."

Ananena modekha, maso ali kwa agogo ake omwe anali pakhonde, ngati mwana wasukulu amene wakhoza funso ndipo akudikira kuwomberedwa m'manja.

"Wamva?" Apongozi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Make mbuu, mwana mbuu. Koma apa ndi bambo mbuu! Ndinakuuza ine, zimenezi sachita kuphunzitsa."

Kulira kwa kamtsikana kuja kunaitana mchimwene wake, mnyamata wamkulu wa mapewa otambalala. Anafika, natola galimoto ija, nagogoda Kalumo pamutu ndi chala, kenaka n'kuiponya padenga. Namafunso anadikira kuti aone magazi akuwira. Kalumo anangoima njo, manja kumbuyo, akuyang'ana zala za kumapazi.

Pobwerera, Namafunso sanakwere minibasi. Anayenda pansi, chifukwa mutu wake unkagwira bwino ntchito miyendo ikamayenda. Chinam'pweteka si nsapato ija ayi. Ana amamenyana. Chinam'pweteka n'choti mwana wake anali ataphunzira kale mawu otsukira m'manja, asanaphunzire n'komwe kumanga zingwe za nsapatoyo. Akakhala kumeneko chaka chimodzi, adzam'tenga ali wakupsa kale.

Patapita masiku, abwana ake anam'tuma kukapereka makatani kwa kasitomala, ndipo njira inadutsa mumsewu wa shopu ya Lumo. Anaima kutsidya, pamthunzi wa sitolo ya zitsulo, n'kumayang'ana.

Lumo anali wometa yekhayo m'dera lonselo amene ankametabe ndevu ndi lumo. Anzake onse anathawira ku makina. Iye ankapaka thovu, kuika lumo latsopano m'chogwirira kasitomala akuona, kupendeketsa mutu wa munthu chagada, n'kuyamba kuyendetsa dzanja kuchokera patsaya kutsikira kukhosi. Amuna ankatsinzina. Ena ankagona tulo n'kuliza mkonono. Ulemu wake wonse unali pamenepo: anthu ankam'patsa makosi awo.

Tsiku limenelo pampando panali mwini butchala, chimunthu cha mimba yotsogola, chodziwika ndi pakamwa powola. Mawu ake ankamveka mpaka kutsidya.

"Iwe, thovu lako likulowa m'mphuno! Amako anakuphunzitsa kumeta anthu kapena mbuzi?" Anamenya dzanja la Lumo kuti phaa. "Manja ngati makasu. Chitsiru!"

Namafunso anaona mtsempha wa m'khosi mwa mwamuna wake ukutupa. Ankaudziwa mtsempha umenewo kuposa nkhope yake yomwe. Kunyumba ukatero, iye ankayamba kuyang'ana komwe kuli chitseko. Anagwira makatani aja mwamphamvu.

"Pepani bwana," anatero Lumo, akuseka. "Tikonza pompano. Tsamirani bwino."

Ndipo lumo linatsetsereka pakhosi la mwini butchala mofewa ngati nthenga.

Namafunso anaima pomwepo mpaka mlonda wa sitolo anam'funsa ngati akufuna misomali. Iye sankakana kuti mkwiyo ungayende kumtundu. Lilime lake lomwe analitengera kwa mayi ake, ndipo ankadziwa momwe limayabwira. Koma awa anali magazi amtundu wanji, odziwa kuti uyu ndi kasitomala, uyu ndi mkazi? Magazi odziwa kuyeza mapewa a munthu asanawire? Magazi amene amapirira tsiku lonse, kukwera minibasi, kutsika pasiteji, n'kudikira mpaka chitseko cha kunyumba chitsekedwe?

Mawa lake anapita kwa amalume. Anawapeza akupukuta magalasi awo pakhonde.

"Ndakonzeka kukambirana, amalume."

"Eyaa! Ndinadziwa kuti ndiwe mwana womva."

"Koma bambo a Kalumo satseka shopu, ngakhale kutagwa maliro. Tikumana kuti?"

Amalume anasisita chibwano chawo chaminga. Ankameta ndevu kwa mphwawo Loweruka lililonse, mwaulere, ndipo chizolowezi chimenechi sankachiphonya ngakhale kugwe mvula yamatalala.

"Loweruka ndi tsiku langa lometa," anatero. "Kuseri kwa shopu kuli kachipinda. Akandimeta tidzalowa mmenemo. Ulendo umodzi, ntchito ziwiri. Ndiwauza achemwali abwere ndi mwana."

"Mwaganiza bwino, amalume," anatero Namafunso, maso ali pansi.

Loweruka m'mawa shopu inali yodzaza. Munkanunkhira sipiriti ndi sopo. Pakhoma panali galasi lalikulu long'aluka pakona ndi chithunzi chakale cha masitayelo a tsitsi chimene dzuwa linachifufutitsa. Pabenchi panali mwini butchala uja, mnyamata woyendetsa njinga yamoto atanyamula chipewa chake cholimba, ndi amuna ena odikira. Apongozi anapatsidwa mpando wapulasitiki pakona, Kalumo ali pamiyendo pawo. Lumo atamuona mkazi wake anamwetulira ngati munthu amene mbuzi yake yotayika yabwera yokha.

"Takulandirani, mayi a Kalumo. Khalani apo. Ndithane kaye ndi amalume."

Amalume anakhala pampando. Lumo anawafunditsa nsalu, nawapaka thovu mpaka kutsala maso ndi mphuno, naika lumo latsopano. Mutu unapita chagada. Maso anatsinzina.

Namafunso anadikira. Tsaya lamanja linatha. Lamanzere linatha. Lumo litafika pansi pa chibwano, iye anatembenukira kwa apongozi ake, manja ali pamodzi mwaulemu, nalankhula mokweza chifukwa cha khutu lija.

"Amayi, nkhani isanayambe, ndimati mundithandize. Matenda a bambo a Kalumowa ndikufuna ndiwamvetse bwino, ndidziwe kasamalidwe kake. Munati magaziwo akawira chimachitika n'chiyani?"

Nkhope ya apongozi inawala. "Ehee! Tsopano wayamba kufunsa zanzeru." Nawonso anakweza mawu, monga amachitira anthu osamva bwino. "Akapsa mtima mwana wangayu, m'maso mumachita mdima. Saona kuti uyu ndani, uyu ndani. Dzanja limanyamuka lokha!"

"Lokha?"

"Lokha! Mwini wake osadziwa. Ndipo chilichonse chili m'manja chimagwira ntchito. Bambo ake tsiku lina anali ndi chitsulo chopopera njinga."

"Amayi," anatero Lumo, osatembenuka.

"Chilichonse chili m'manja?" anafunsanso Namafunso.

"Chilichonse!"

"Nanga pamakhala chenjezo, kuti munthu athawe?"

"Mphenzi imagogoda pachitseko? Mphindi ino akuseka, mphindi inayo wina ali pansi."

Pabenchi nkhani za mpira zinazima. Maso a amalume anatseguka pakati pa thovu. Kholingo lawo linakwera n'kutsika, pafupi penipeni ndi chitsulo.

"Amayi, khalani chete," anatero Lumo, mano ali olumana.

"Bwanji? Ndikukuikira kumbuyo!"

"Bambo a Kalumo," anatero Namafunso mofatsa, "mwapsa mtima?"

"Sindinapse."

"Mtsempha uwo ndimaudziwa. Kunyumba ukatupa choncho ndimabisa mbale." Anatembenukira kubenchi. "Pepani abambo, nkhani ndi ya pabanja. Ine ndikungodera nkhawa makosi anu."

Mwini butchala anagwira khosi lake ndi manja onse awiri. "Iwe Lumo! Ine ndimagona tulo pampando umenewo!"

"Zanga ndevu si zambiri," anatero wanjinga yamoto, akuimirira n'kuvala chipewa chake mkati mwa shopu momwemo. "Ndidzabwera tsiku lina."

"Mphwanga," analankhula amalume, milomo yokha ikugwedera, mutu uli chiwumire. "Tachotsa kaye chitsulocho. Tikambirane."

Anthu ena awiri anali atafika kale pachitseko. Lumo anawayang'ana pagalasi, naona shopu yake ikukhuthuka ngati thumba lobooka. Mawa msewu wonse ukanadziwa kuti wometa uja dzanja lake limayenda lokha. Ndani akanam'patsanso khosi?

"Khalani pansi nonse!" anakuwa. Mtsempha uja unali ngati chingwe. "Ndani ndinam'chekapo muno? Atchuleni dzina! Inu abwana a butchala, mwanditukwana kangati pampando uno? Mwanditukwanira amayi anga omwe akhala apowa. Ndinakukandani?"

"Ananditukwana ine?" anafunsa apongozi, akupendeketsa mutu.

"Zidakwa zimabwera muno, zimasanza, zimakana kulipira, zimandigwira pakolala. Ndinatemapo mmodzi? Dzanja ili ndi langa! Limapita komwe ndalituma, limaima pomwe ndaliuza, ngakhale nditakwiya chotani. Panopa ndakwiya, eya, ndakwiya kwabasi! Ndiye onani!"

Anagwira mphumi ya amalume ndi dzanja lamanzere. Amalume anatsinzina, milomo ikunong'ona pemphero. M'shopu monse munangomveka kulira kwa lumo, kwee, kwee, likutsika pakhosi, likuzungulira kholingo, likukwera kuseri kwa nsagwada. Lumo ankapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, thukuta likugwera pansalu, koma dzanja silinanjenjemere ngakhale pang'ono. Anapukuta thovu lotsala, nathira sipiriti, natembenuza mpando kuti onse aone.

"Pali bala? Yang'anani! Pali kachikande?"

"Palibe," anavomera mwini butchala. "Pasalala ngati dzira."

Lumo anayang'ana mkazi wake mwachipambano. Namafunso anangokhala, manja ali pamiyendo, akumuyang'ana ngati mmene mphunzitsi amadikirira mwana kuti amalize yekha samu. Kumwetulira kwa Lumo kunayamba kuzilala kuchokera m'mbali. Wina pabenchi anati "Hmm," motalika.

Amalume anadzichotsa okha nsalu ija. Anaimirira, nasisita chibwano pagalasi.

"Wandimeta bwino, mphwanga. Chiyambire sunandimetepo bwino chonchi." Anatenga chipewa chawo pamsomali. "Ndiye kuti dzanja limeneli ndi lomvera. Tonse taona. Limapita komwe walituma."

"Amalume, nkhani yake si..."

"Kudiso la mkazi wako linapita lokha, kapena unalituma?"

Lumo anatsegula pakamwa. Anayang'ana benchi, anayang'ana amayi ake. Akati lokha, shopu yatha. Akati ndinalituma, mlandu watha. Khoswe anali atalowa yekha mumsampha, n'kudzitsekera chitseko. Anaika lumo pathebulo mwakachetechete.

"Ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse," anapitiriza amalume. "Mabuleki akaduka, galimoto siisankha woti igunde. Imagunda mbuzi, imagunda wapolisi. Koma galimoto yogunda munthu mmodzimodzi yemweyo tsiku lililonse, pakhomo lomwelo, imeneyo mabuleki ake ndi abwino. Vuto ndi dalaivala." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, mutsitseni mwanayo. Apite ndi mayi ake."

"Achimwene!"

"Ndalakwitsa kokwanira. Mutsitseni."

"Ndiye akubwerera kunyumba?" anafunsa Lumo ndi mawu aang'ono.

"Sindibwerera," anatero Namafunso, akuimirira. Anadabwa kumva mawu ake ali owongoka chotero. "Mwana mudzamuona, amalume ali pomwepo. Mtima wapachalawo mwina anatengeradi kwa inu, sindikana. Ndikam'phunzitsa kuugwira momwe bambo ake amagwirira lumo."

"Mayi ameneyu akanakhala loya," anatero wanjinga yamoto, akuvula chipewa n'kukhalanso pabenchi.

"Loya wa chiyani, jaji!" anatero mwini butchala. Kenaka analoza Lumo. "Koma iwe, kuyambira lero ine uzindimeta ndi makina."

Kalumo anatsetsereka pamiyendo ya agogo ake. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana amalume, kenaka anadutsa pakati pa tsitsi lomwe linali mbwee pansi n'kukagwira chala cha mayi ake. Dzanja lake linali lofunda, lomata ndi switi. Namafunso anamva chifuwa chake chikutseguka ngati zenera la nyumba imene yakhala yotseka dzinja lonse.

Apongozi anatsala pampando wapulasitiki, manja ali pamiyendo pomwe panali mwana. Mawu awo aakulu aja anali ataphwa.

"Koma bambo ake anali munthu wabwino," anatero, osayang'ana aliyense. "Kutchalitchi ankawadziwa. Kuntchito ankawatamanda. Sankafuna, achimwene, inu mukudziwa. Zaka zonse zija sankafuna. Anali magazi."

Amalume anayang'ana m'chipewa chawo ngati mwagwera kanthu.

Namafunso anali atafika kale pachitseko, dzuwa la kunja likumuwomba kumaso, mwana ali kudzanja. Anapambana, ndipo akanatha kungopita. Koma panali funso limodzi lotsala. Anayesa kulimeza, chifukwa mayiwo anam'mvetsa chisoni, koma linakana kutsika. Anatembenuka, nalankhula mofatsa, cha kukhutu lawo lakumva.

"Amayi, malemu aja, kunja kwa chitseko chanu, anamenyapo ndani?"